Kusamala Waya wa Lamya Kuti Intaneti ya M'nyumba Ikhazikike

Kabuku kano talembera inu eni nyumba a mu Lusaka, a ku Kabwata ndi ku Chelstone, a kumayadi a ku Woodlands ndi ku Kabulonga, pamodzi ndi inu amene muli ndi masitolo ndi maofesi m'mbali mwa Cairo Road, nonse amene intaneti yanu imafikabe pa waya wakale wa lamya, m'njira imene amisiri amaitcha DSL kapena ADSL. Tidziwa kuti anansi anu ambiri anaisiya njira imeneyi, ena natsata faiba, ena nadalira mafoni a m'manja, enanso naika padenga mbale za Starlink zimene zinafika m'dziko muno m'chaka cha 2023. Komabe iye amene akali ndi nambala ya panyumba yoyamba ndi 0211, nalipira mwezi ndi mwezi, ayenera kulandira chimene alipirira, ndipo adzachilandira msanga akazindikira kuti matenda ambiri ovuta waya wake amabadwira m'nyumba momwemo, pa kamtunda kakafupi ka pakati pa khoma ndi modemu.

Eni ake a mawaya a lamya m'dziko muno ndi a Zamtel, kampani imene inabadwa m'chaka cha 1994, pamene bungwe lakale la PTC linagawidwa pawiri, makalata napita kwa Zampost, lamya kwa Zamtel. Ndipo m'chaka chomwecho intaneti inalowa m'Zambia kudzera ku ZAMNET, pa Yunivesite ya Zambia. Zaka zimenezi zili ndi phunziro kwa mwini nyumba, pakuti ngati lamya inalowa kwanu m'masiku a PTC, ndipo palibe anasinthapo waya chiyambire, ndiye kuti waya ameneyo wapitirira zaka 30, ndipo mmisiri amene anamukhomera pakhoma ankalingalira za mawu a munthu okha, osadziwa kuti adzukulu a mwini nyumbayo adzafuna kuonera kanema pa waya yemweyo.

Liwu la kutsidya kwa dambo

Amene anakulira kumudzi adziwa mmene munthu amaitanira mnzake wa kutsidya kwa dambo: akakhala pafupi liwu limafika lonse, akatalikira limafika lofooka, ndipo ngati pakati pawo pakuomba mphepo, kapena achule a m'dzinja ayamba phokoso lawo, womvayo amayamba kufunsa kawirikawiri kuti, "Mwati bwanji?" Makhalidwe onse a DSL ali m'fanizo limeneli. Kuchokera ku nyumba ya makina ya m'dera lanu, imene amisiri amaitcha eksichenji, kufikira pakhoma panu, pamayenda timawaya tiwiri ta mkuwa topotana, kalikonse konenepa ngati theka la milimita. Mawu a lamya amayenda pa mafunde a pansi, osapitirira 4 kHz, pamene intaneti imayenda pa mafunde a pamwamba, kuyambira pa 25 kHz kufikira pa 1,100 kHz, kapena pa 2,200 kHz ikakhala ADSL2+. Mafunde a pamwambawo ndiwo amafooka msanga ndi mtunda, ndiwonso amasokonezeka ndi phokoso lililonse la magetsi. N'chifukwa chake lamya ingathe kumveka bwino lomwe pamene intaneti ikudukaduka, ndipo liwiro la 24 Mbps limene limalembedwa pa bokosi la modemu amalifikira okhawo okhala pafupi ndithu ndi eksichenji, pamene wokhala pa mtunda wa makilomita 5 amayamika akapeza 1 kapena 2. Mtunda umenewu muuyese potsata njira imene waya amayendamo, ndi kukhotakhota kwake konse, pakuti waya sadula njira ngati mwana wa sukulu.

Musanadandaule kwa munthu aliyense, yang'anani nyali za pamodemu, pakuti pali matenda atatu osiyana amene a pakhomo amawatcha dzina limodzi lakuti "intaneti yapita". Nyali yolembedwa DSL ikamaphethira kapena ikazima, ndiye kuti modemu yalephera kumvana ndi eksichenji, ndipo vuto lili pa waya. Ikayaka osaphethira, koma yolembedwa Internet ili yozima kapena yofiira, waya alibe mlandu: kapena ngongole ya mwezi sinalipidwe, kapena dzina ndi mawu achinsinsi olowera zasokonezeka, kapenanso makina a kampani ali ndi vuto lawolawo. Zonse ziwiri zikayaka bwino, koma foni ya m'manja ikukanika kulumikizana m'chipinda chogona, vuto ndi la Wi-Fi, limene mankhwala ake ndi kuchotsa modemu kuseri kwa kabati, kuiika pamwamba pakatikati pa nyumba, kutali ndi uvuni ya microwave, ndipo ngati anansi a m'mafulati achuluka, kusintha tchanelo kukhala 1, 6 kapena 11.

Manambala atatu

Modemu iliyonse imasunga mbiri ya waya wake, ndipo imaiulula kwa aliyense woifunsa. Lumikizani kompyuta ku modemu ndi waya wa Ethernet, mutsegule Chrome kapena Firefox, ndipo pamalo polemba adiresi mulembe 192.168.1.1, kapena 192.168.0.1 ngati yoyambayo yakana. Dzina ndi mawu olowera nthawi zambiri zimalembedwa pa kapepala komatidwa kunsi kwa modemu. Pa tsamba lotchedwa Status kapena DSL mudzaona manambala ambiri, koma atatu okha ndiwo ayenera maso anu, ndipo muwerenge a pa mzere wa Downstream.

Yoyamba ndi Attenuation, ndiko kufooka kwa liwu chifukwa cha mtunda, ndipo imayesedwa mu dB. Pa waya woonda wa lamya imakwera ndi pafupifupi 14 dB pa kilomita iliyonse. Yochepera pa 30 ndi yabwino kwambiri, ya pakati pa 30 ndi 45 imatumikira nyumba mosavuta, ndipo ikafika pa 55 kapena 60 muli kumalekezero a mphamvu ya ADSL. Nambala imeneyi siyenera kusinthasintha, pakuti nyumba yanu sisamuka. Mukaona kuti dzulo inali 32 koma lero ndi 41, dziwani kuti penapake pali cholumikizira chimene chachita dzimbiri kapena chalowa madzi.

Yachiwiri ndi SNR Margin, ndiwo muyeso wa mmene liwu laposera phokoso. Makina ambiri amaikidwa kuti ayambe pa 6 dB. Ikatsika kufika pa 3 kapena 2 modemu yatsala pang'ono kugontha, ndipo ikakhala pa 10 kapena kupitirira, waya wakhazikika. Yachitatu ndi CRC, ndicho chiwerengero cha timitolo ta uthenga timene tinafika toonongeka kotero kuti tinayenera kutumizidwanso, ndiye "mwati bwanji" uja. Makumi angapo pa tsiku lathunthu asakudetseni nkhawa, koma zikwi pa ola limodzi ndi matenda. Pafupi pake mudzaona FEC, imene kawirikawiri imakhala nambala yoopsa kuiona. Musaope, pakuti imeneyo imawerenga zolakwa zimene modemu inakonza yokha.

Tsono gulani kabuku ka sukulu, ndipo kwa masiku asanu ndi awiri muzilemba manambala atatuwo m'mawa, masana ndi madzulo, pamodzi ndi mawu awiri kapena atatu onena ngati kunagwa mvula, ngati magetsi analipo, ndi chimene chinali choyatsa pakhomo. Ntchito imeneyi imaoneka yachibwana kwa munthu wofulumira, koma akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kabuku kameneko ndimo vuto lidzadziulula lokha: lotsata mvula, lotsata kulowa kwa dzuwa, kapena lotsata kuyatsa kwa pampu.

Yambani ndi m'nyumba mwanu

Tengani lamya wamba ya waya, yosafuna magetsi, muilumikize, munyamule chomvera, mudinize nambala imodzi kuti kulira kwa poyamba kuleke, ndipo mumvetsere. Waya wabwino amakhala chete. Mukamva kuthetheka konga kwa nkhuni zaziwisi pamoto, pali cholumikizira choonongeka. Mukamva kung'ung'udza kosalekeza, waya wayandikana ndi magetsi kapena wakhudza nthaka. Mukamva kugogoda kobwera kamodzi pa sekondi iliyonse, ngati koloko, ndi mpanda wa magetsi, wanu kapena wa mnansi.

Mukatero, funani soketi yoyamba, pamene waya wochokera kunja amalowera m'nyumba, muzule chilichonse cholumikizidwa pa lamya m'zipinda zonse, mafoni, fakisi, alamu ya akuba, ndipo mulumikize modemu yokha pa soketi yoyambayo ndi kawaya kakafupi, kosapitirira mamita 2. Ngati SNR Margin yakwera ndipo CRC yaleka kuthamanga, mlandu uli m'nyumba mwanu, ndipo mudzaupeza pobwezera zinthu zija chimodzichimodzi, kufikira chimene chidzagwetsanso nambala. Ngati palibe chasintha, bwerekani modemu ina kwa mnzanu muyesenso. Ikachita chimodzimodzi, pamenepo mungathe kuloza chala kunja ndi mtima woyera.

Ine mlembi ndinakhalapo m'nyumba ina ku Chelstone, chapafupi ndi thanki lalikulu la madzi lija, ndipo kwa milungu itatu ndinali kunyoza kampani pamaso pa banja langa madzulo aliwonse, kufikira tsiku limene mnyamata wina wodziwa za mawaya anakwera kudenga, napeza waya wopita ku soketi ya m'chipinda chogona, imene sitinaigwiritsepo ntchito chilowere m'nyumbamo, atadyedwa ndi makoswe, ndipo amene anakhalamo kale anali atamumanga ndi selotepi. Anamudula pa soketi yoyamba, ndipo kudukaduka kunatha tsiku lomwelo. Ndinaphunzira pamenepo kuti waya wa nthambi, ngakhale kumapeto kwake kulibe kanthu, amatola phokoso ngati eriyo ya wailesi nalithira m'waya wamkulu. Chotero nthambi iliyonse imene simuifuna, idulidwe.

Chenjeraninso ndi mawaya oyera aphanthiphanthi, a mamita 10 kapena 20, amene amagulitsidwa motchipa m'masitolo a m'tauni kuti modemu ifike pabalaza. Amaoneka audongo m'mbali mwa khoma, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: timawaya take sitinapotane, ndipo kupotanako ndiko kumateteza ku phokoso. Modemu ikhale pafupi ndi soketi yoyamba, ndipo mtunda wotsalawo uyendedwe ndi waya wa Ethernet, amene amafika mamita 100 osafooka.

Kulinso kabokosi kakang'ono kotchedwa fyuluta kapena splitter, kamene ntchito yake ndi kulekanitsa mawu a lamya ndi mafunde a intaneti, monga lichero lilekanitsa gaga ndi mphale. Chida chilichonse cha pa lamya chiyenera kudzera m'kabokosi kameneka, pa khomo lolembedwa Phone, ndipo modemu ilowe pa khomo lolembedwa DSL kapena Modem. Intaneti ikamaduka nthawi iliyonse lamya ikalira, kapena munthu akanyamula chomvera, yambani mwasintha fyuluta, pakuti ndi yotchipa ndipo imafa kawirikawiri ndi mphezi. Chizindikirocho chikapitirira ndi fyuluta yatsopano, ndiye kuti pali cholumikizira cha dzimbiri panjira.

Phokoso la magetsi

Kumayadi a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kumene mipanda ya magetsi, mageti oyenda okha ndi mapampu a pachitsime zachuluka, mdani wamkulu wa DSL ndi phokoso la zida zimenezi. Sitikuti muzichotse, pakuti walira mvula walira matope, ndipo wofuna kugona mosaopa akuba ayenera kupirira nazo. Koma mpanda ukhale ndi ndodo zake za m'nthaka zokhomedwa bwino, udzu ndi nthambi zisaukhudze, timapulasitiki togwira mawaya ake tikasweka tisinthidwe, pakuti pamene mpanda ukuthetheka ndi pamene phokoso likuchokera. Waya wa lamya asayende mbali ndi mbali ndi waya wa mpanda kapena wa magetsi. Kumene ayenera kukumana, apingasane monga mtanda, napatukane pomwepo.

Chiyambire kuzimazima kwa magetsi a ZESCO, makamaka m'chaka cha chilala cha 2024 pamene madzi anatsika ku Kariba, nyumba zambiri zinagula majenereta, mainvata ndi mabatire a sola, ndipo zina mwa zida zimenezi, makamaka zotchipa, zimatulutsa phokoso lalikulu pa mafunde omwewo amene DSL imayendapo. Njira yozigwirira ndi yosavuta, ndipo agogo a pakhomo angaikonde: tengani wailesi ya mabatire, muiike pa MW kapena AM chapafupi ndi 612 kHz, pamalo popanda siteshoni, ndipo muyende nayo m'nyumba monse, ikayandikira chida cholakwa idzalira mwaukali, ndipo mukazimitsa chidacho idzatonthola. Musadabwe mukapeza kuti wolakwa ndi tchaja ya foni, babu la LED, kapenanso kabokosi ka magetsi ka modemu yomweyo, kamene kamafooka ndi kubwera kwa mwadzidzidzi kwa magetsi. Dziwaninso kuti usiku mafunde a mawailesi akutali a MW amafika mwamphamvu koposa masana, kotero kuti SNR Margin ikatsika ndi 1 kapena 2 dB dzuwa litalowa, ndi chikhalidwe chake.

Pali chotonthoza chimodzi apa. Waya wa lamya amalandira mphamvu yake, pafupifupi mavolti 48, kuchokera ku mabatire a ku eksichenji. Chotero lamya wamba imagwira ntchito magetsi atazima, ndipo modemu, imene kawirikawiri imafuna mavolti 12 okha, ingapitirire ndi kabatire kakang'ono kotchedwa UPS malinga ku eksichenji kukali mphamvu. Kabatire kameneka kamathandizanso mwa njira ina, pakuti makina ena a ku eksichenji akaona modemu ikuzimazima amayesa kuti waya wadwala, natsitsa liwiro kuti akhazikike. N'chifukwa chakenso sitikulangizani kuzimitsa ndi kuyatsa modemu kakhumi pa tsiku chifukwa cha mkwiyo.

Mvula, mphezi ndi mitengo

Kuyambira mu Novembala kufikira mu Malichi, mawaya a mu Lusaka amalowa m'mayeso awo aakulu. Mzinda uno unamangidwa pamalo athyathyathya, ndipo m'madera ambiri madzi a mvula amaima osapita msanga, nalowa m'maenje amene mawaya a pansi amakumaniramo, ndi m'timabokosi ta pamizati timene zivundikiro zake zinasweka. Mkuwa ukakhala m'chinyontho umachita dzimbiri lobiriwira, ndipo dzimbiri limenelo limatsekereza mafunde. Chizindikiro chake sichisokoneza: vuto limayamba mvula itagwa, lichepa pakapita masiku awiri kapena atatu a dzuwa, nilibweranso ndi mvula yotsatira. Kabokosi ka pakhoma la nyumba yanu mungakayang'ane nokha, kuona ngati muli madzi, chiswe kapena nyerere; koma za pamzati ndi za m'dzenje ndi za amisiri a kampani, ndipo tikupemphani ndithu kuti musakwere mzati uliwonse, kapena kutuma mwana kukwerapo, pakuti mawaya a ZESCO amadutsa pafupi, ndipo amenewo sachenjeza.

Mabingu akayamba kugunda, zulani pulagi ya magetsi ya modemu, muzulenso waya wa lamya. Ambiri amakumbukira choyambacho naiwala chachiwiri, osadziwa kuti mphezi yogwa patali ingathe kuyenda m'waya wa lamya niotcha modemu, ndi kompyuta yolumikizidwa nayo yomwe. Ndipo madzi akatayika saoleka.

Mitengo ya jakaranda ndi ya mango imene imakongoletsa misewu ya ku Woodlands ndi Kabulonga ili ndi mlandu wakenso, chifukwa nthambi ikamakhuza waya wochokera pamzati m'miyezi ya mphepo ya Julayi ndi Ogasiti, imasupula khungu lake pang'onopang'ono, ndipo bala limenelo silidziwika kufikira mvula yoyamba. Nthambi za m'yadi mwanu zosayandikira magetsi zisadzidwe nyengo ya chilimwe isanathe.

M'mafulati a ku Kabwata ndi m'nyumba zosanja za m'tauni, mawaya a mabanja ambiri amakumana m'bokosi limodzi, ndipo munthu wokonza waya wake mwa yekha angathe kuononga wa mnansi wake mosadziwa. Bokosi limenelo musaligwire. Koma funsanani, pakuti ngati vuto lili pa nyumba zisanu nthawi imodzi, silili m'chipinda cha munthu aliyense, ndipo dandaulo la anthu asanu limamveka msanga koposa la mmodzi; mutu umodzi susenza denga. Lamya ikangoti zii usiku umodzi m'msewu wonse, popanda mvula kapena mphepo, kawirikawiri ndiye kuti akuba adula chingwe chifukwa cha mkuwa wake, chinthu chomvetsa chisoni m'dziko limene mkuwa ndiwo ulemerero wake. Zotero zinenedwe kwa kampani ndi kwa apolisi m'mawa momwemo.

Pokadandaula

Mukapita kukanena vuto, mutenge kabuku kanu kaja. Munthu wongonena kuti intaneti ikuvuta amauzidwa kuti akazimitse modemu nayatsenso. Koma wonena kuti anayesa pa soketi yoyamba ndi modemu ziwiri, kuti lamya ikuthetheka, ndi kuti Attenuation imakwera mvula ikagwa, wampatsa mmisiri theka la ntchito yake. Ngati lamya ili ndi phokoso, linenedwe ngati vuto la lamya, pakuti limenelo mmisiri amalimva ndi khutu lake, ndipo likakonzedwa intaneti imachira nayo. Pemphani nambala ya dandaulo lanu, muilembe pamodzi ndi tsiku. Mmisiri akabwera mumulandire mwaulemu, monga mlendo wa pakhomo, ndipo mungamufunse zinthu zitatu: ngati m'chingwe muli timawaya tina tabwino timene angakusamutsireni, ngati angakweze SNR Margin yoyambira kufika pa 9 kapena 12 dB, ndi ngati angayatse chotchedwa interleaving. Ziwiri zomalizazi zimachepetsa liwiro kapena kufulumira kwa mayankho pang'ono, koma kwa ine intaneti ya 4 Mbps yosaduka iposa ya 6 yogwa katatu pa ola. Dandaulo likakhala nthawi yaitali losayankhidwa, bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2009, limalandira madandaulo a anthu amene anayamba apita kwa kampani yawo. Kumenekonso adzafuna nambala ija ndi masiku ake.

Koma ngati Attenuation yanu ili pa 60 dB m'chilimwe, m'nyumba mwakonzedwa, ndipo mmisiri wachita zake zonse, musatayenso ndalama pogula modemu zatsopano, pakuti palibe modemu imene ingafupikitse mtunda. Funsani ngati faiba yafika mumsewu mwanu. Inu otsala, amene waya wanu akali ndi moyo, tsegulani tsamba la modemu mu Okutobala, mvula isanagwe, mulembe manambala atatu aja pa tsamba loyamba la kabuku kanu, chifukwa ndiwo mudzayerekeza nawo a mu Januwale.